Lolemba ku Rosettenville

Belu la tchalitchi chino linabedwa ine ndisanabwere,
choncho amandidzutsa ndi mahutala a mateksi olowera m'tauni.
Faifi koloko, mwezi wa Juni, chisanu choboola mafupa.
Magetsi azima kale. Ndimapapasa machesi,
ndimavala majuzi awiri mkati mwa mkanjo,
Misa nkuyamba ndi anthu asanu ndi mmodzi:
amayi atatu oweruka ntchito ya usiku,
nkhalamba ya Chipwitikizi imene inakana kusamuka anzake atasamuka,
mlonda wathu Ilunga wa ku Lubumbashi,
ndi mnyamata amene amangodzera kutentha kwa makandulo.
Ameneyo sindimufunsa kanthu.

Lolemba akuti ndi tsiku langa lopuma.
Foni sinauzidwe.
"Bambo, am'gwira, analibe mapepala."
"Bambo, eni nyumba atulutsa katundu panja."
"Kodi mwana mungam'batize bambo wake ali ku Lindela?"
Ndimayankha chogwada kuseri kwa galaja
kumene ndinadzala mpiru m'matayala akutha,
mbewu yake inachoka ku Bembeke m'thumba la jekete.
Dothi la kuno latopa ndi migodi.
Agogo anga analikumba cham'munsi masiku a Wenela,
ine ndimalipalasa pamwamba ndi supuni ya kukhitchini.

Masana ndimatseka chitseko, ndimayala nsalu yoyera patebulo,
osati ya paguwa ayi,
ya mawotchi.
Luso limeneli anandisiyira bulazala wina wogontha kuseminale.
Anthu anadziwa kale: akabwera kudzalapa
amasiya wotchi yakufa pabenchi, dzina lili pa kapepala.
Galasi padiso limodzi, mpweya ndaugwira,
tizitsulo tochepa ngati njere za mpiru womwewo.
Muno mulibe wondifunsa chifukwa chimene Mulungu wachedwera.
Chotsekereza chimaoneka ndi maso: fumbi, tsitsi, dzimbiri.
Ukachichotsa, kamtima kamagundanso.
Anthu akanakhala otero, bwenzi ndikuweruka dzuwa lili pamutu.

Folo koloko ndi ya bawo.
Tinasema mabowo pa thabwa la benchi yothyoka,
nkhomo zathu ndi timiyala ta pa geti.
Ilunga amandibera, ndimamuona,
ndipo Loweruka amalapa zonse kupatula zimenezo.

Sabata ino patebulo pali wotchi ya Lonjezo Kamvazina,
amene anagwa pomanga nyumba yosanjikana ku Sandton.
Thupi linanyamuka Lachinayi pa ngolo yokoka galimoto,
pakati pa mafiriji ndi mabulangete a anthu ena,
Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, mpaka kwawo ku Thekerani.
Ndinawaza madzi odala pamsewu, dalaivala akuwerenga ndalama za zopereka.
Wotchi inatsalira kuchipatala, m'kaenvelopu,
itaima pa mphindi makumi awiri kupitirira teni.
Amayi ake anatumiza mawu pa foni ya mnansi:
"Ikadzuka mutitumizire,
mng'ono wake akulemba mayeso chaka chino."

Masiku atatu yandikanira.
Ndatsuka, ndadontheza mafuta ndi nsonga ya singano,
ndanena mawu amene wansembe sayenera kunena.
Usiku uno kwinakwake kwalira mfuti kawiri, agalu nkuyankha,
magetsi abwera ngati mlendo wosaodira,
ketulo yayamba yokha kung'ung'udza,
ndipo pansi pa chala changa kagudumu kagwedezeka,
kaima,
kagwedezekanso.
Ndaiika kukhutu nthawi yaitali kuposa mmene ndinapempherera lero.

Ndinagwira kachitsulo kopotolera
kuti ndiitchere pa nthawi ya kumudzi,
kenaka ndakumbukira:
koloko ya Joni ndi ya kwathu n'chimodzimodzi.
Kuno ikati naini, ku Thekerani ndi naini,
mayi uja akuzimitsa nyali pompano.

Ndaikulunga mu sokosi yoyera,
basi ya Lachisanu idzaitenga.
Tiyi wazizira. Buku la mapemphero a usiku likundiyang'ana,
foni nayo yayambanso kunjenjemera patebulo,
ikukankha tizitsulo ta wotchi ya munthu wina.